Matope a ku Mufulira: Ndani Amadziwa Zili Pansi pa Nthaka Yathu?

M'bandakuca wa pa 25 September 1970, anthu a shifiti ya usiku pa mgodi wa Mufulira anali pa nchito monga masiku onse. Pamwamba pao panali damu namba 3, mmene kampani inali kutaila matope otsala akacotsa kopa m'miyala. Nthaka ya pansi pa damuyo inabooka. Matope okwana pafupi-fupi matani 1 miliyoni anatsikila m'mgodi na kudzaza njila zimene anthu anali kupitamo. Anthu 89 anafa, ndipo ambili a iwo matupi ao akali pansi pomwepo mpaka lelo. Palibe ngozi ina ya m'mgodi mu Zambia imene inapha anthu oculuka conco.

Ku Mufulira amakumbukila tsikuli caka ciliconse. Koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene sikambidwa kawili-kawili. Matope aja sanagwe monga mphezi. Zizindikilo zinali kuoneka kwa zaka pafupi-fupi ziwili, ndipo anthu a pa mgodi anali kuziona. Kuti timvetse mmene zinthu zinafikila pamenepo, tifunika kubwelela kumbuyo na kufunsa: kuyambila kale, ndani anali kufufuza za miyala ya pansi pa dziko lino, za njila zoikumbila, na za zimene zimapha anthu m'migodi? Nanga boma linalowa liti m'nchito imeneyi?

Oyamba kudziwa kopa anali makolo a anthu a dziko lino. Ku Kansanshi, kufupi na Solwezi, anthu anali kukumba na kusungunula kopa zaka mahandiledi ambili azungu asanabwele, ndipo George Grey atafika kumeneko mu 1899 anapeza maenje akale ali kale pamenepo. Ku Ingombe Ilede, kufupi na kumene Lusitu amathila mu Zambezi, manda amene anapezeka mu 1960 anali na mitanda ya kopa imene inali kugwila nchito monga cuma ca malonda. Mu 1902, William Collier anapeza kopa pa malo amene anadzakhala mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, ndipo caka cimeneco T.G. Davey anapeza mtovu na zinki ku Broken Hill, kumene ni Kabwe masiku ano. Azungu amenewa kambili anali kulondola mapazi a eni nthaka.

Cimene cinasintha zinthu cinali pepala. Kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company, inakamba kuti miyala yonse ya mtengo wapatali ya pansi pa Northern Rhodesia ni yake, potengela mapangano amene inati inacita na mafumu. Olo pamene boma la Britain linatenga ulamulilo wa dziko mu 1924, miyala inakhalabe ya kampani. Kuyambila mu 1923 kampaniyo inayamba kugawila makampani ena madela akulu-akulu kuti afufuzemo okha. Mu 1927 Anglo American inabweletsa katswili wa miyala wa ku Canada, Joseph Austen Bancroft. Anyamata ake anali kuyenda m'thengo motsatila mizele yoongoka, anthu akuda atawasenzela katundu na kuwalambulila njila, uku akulemba mwala uliwonse umene aona. Anali kuyang'ana malo oyela m'kati mwa nkhalango kumene mitengo imakana kumela cifukwa ca kopa wa m'dothi. Anajambula dziko ali m'ndeke, ndipo anaboola nthaka na makina mpaka anapeza miyala ya kopa yocuka pansi kwambili. Roan Antelope inayamba kutulutsa kopa mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933, Nchanga mu 1939.

Nchito imeneyi inali yaukatswili, sitingakane. Koma mapu onse, miyala yonse yotuluka m'zibowo, na manambala onse zinali za makampani awili, Anglo American na Rhodesian Selection Trust. Boma linalibe ngakhale dipatimenti yake yopima miyala mpaka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, pamene linakhazikitsa Geological Survey ku Lusaka. Panthawiyo migodi inali itagwila kale nchito zaka pafupi-fupi 20. Dipatimenti yatsopanoyo inaika mphamvu zake pa kujambula mapu a madela ena a dziko, ndipo za pansi pa Kopala zinakhalabe m'mabuku a makampani.

Kumene boma linalowa na mphamvu kunali ku mapapo a anthu. Mwala ukamabooledwa kapena kuphulitsidwa umatulutsa fumbi losalala kwambili la silika. Fumbi limeneli likalowa m'mapapo silitulukanso. Limapanga zipsela, mapapo amauma, munthu amayamba befu, ndipo TB imamugwila mosavuta. Matendawa amachedwa silikosisi, ndipo alibe mankhwala ocilitsa. Ku migodi ya golide ya ku Johannesburg anapha anthu ambili cakuti boma la South Africa linatsegula ofesi yopima anchito a m'migodi mu 1916. Kuno kwathu ofesi yotelo inatsegulidwa ku Kitwe ca m'ma 1950, ndipo inadzadziwika na dzina lakuti Pneumoconiosis Medical and Research Bureau. Lamulo linati munthu asalowe nchito ya m'fumbi asanajambulidwe cifuwa na kupatsidwa satifiketi, ndipo azibwelanso kukapimidwa nthawi na nthawi. Kupima anthu masauzande caka na caka kunaonetsa kuti migodi siinali yofanana: Mufulira, kumene mwala uli na silika wambili, ndiko kunali kucokela odwala oculuka. Nzelu zotelo n'zimene zinalimbitsa malamulo oboola miyala na madzi kuti fumbi lisauluke, na olowetsa mphepo yokwanila pansi. Ofesi ija ikalipo ku Kitwe, ndipo lelo ni Occupational Health and Safety Institute.

Apa pali phunzilo loyamba. Boma litakhala na madokotala ake, makina ake na mabuku ake, linatha kuona cinthu cimene munthu mmodzi wodwala sakanatha kucitsimikizila. Mwamuna amene anabwelela ku Petauke kapena ku Katete akutsokomola akanangoti ni tsoka lake. Manambala osonkhanitsidwa pamodzi ndiwo anaonetsa kuti ni fumbi.

Ufulu utayandikila, nkhani ya miyala inafika pacimake. Patangotsala maola ocepa kuti mbendela ya Zambia ikwele pa 24 October 1964, British South Africa Company inavomela kusiya miyala ija polandila mapaundi 4 miliyoni, theka kucokela ku Britain, theka kucokela ku Zambia. Mu August 1969, a Kenneth Kaunda analengeza ku Matero kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi, ndipo izi zinayamba kugwila nchito mu January 1970. Migodi ya Anglo American inakhala Nchanga Consolidated Copper Mines, ya gulu linalo inakhala Roan Consolidated Mines, ndipo Mufulira inali m'gulu laciwilili.

Koma kugula magawo sikugula nzelu. Pa ufulu, dziko lonse linali na anthu a kuno pafupi-fupi 100 cabe amene anatsiliza maphunzilo a pa yunivesite. Malamulo a tsankho anali atatsekeleza anthu akuda ku nchito zaukatswili za m'migodi kwa zaka zambili. Conco makampani akale anapitiliza kuyendetsa migodi pa mapangano apadela. Boma linali mwini wamkulu pa pepala, koma amene anali kudziwa kuti pansi pakucitika ciani anali omwe aja. Patapita miyezi 9 cabe, Mufulira inagwa.

Kuti timvetse cimene cinacitika, tifunika kudziwa zinthu ziwili za mmene mgodi umagwilila nchito. Coyamba ni matope. Pa matani 100 a miyala yocokela pansi, kopa weni-weni amakhala matani ocepa cabe, mwina atatu kapena anayi pa mgodi wolemela, ndipo pa migodi ina ya masiku ano safika na tani imodzi. Miyala imaphwanyidwa na kupeledwa mpaka kukhala ngati ufa, n'kusakanizidwa na madzi na mankhwala. Akauzilamo mphepo, tumiyala twa kopa tumamatila ku thovu n'kuyandama, ndipo amatuwengula. Zotsala zonse, zimene pa mgodi amati tailings, zimapopedwa monga phala kupita ku madamu. Mgodi uliwonse wa kopa umatulutsa matope oculuka kwambili kuposa kopa, ndipo matopewo afunika pokhala kwa muyaya.

Caciwili ni njila yokumbila. M'mbali zina za Mufulira, akacotsa mwala wa kopa anali kuleka denga la mwala kuti ligwele m'malo otsala opanda kanthu. Njila imeneyi ni yochipa ndipo imagwilitsidwa nchito m'maiko ambili, koma kugwa kwa mwala sikuthela pansi. Kumakwela pang'ono-pang'ono mpaka nthaka ya pamwamba imayamba kutitimila na kung'ambika. Ku Mufulira, matope a damu namba 3 anali pamwamba peni-peni pa dela limene linali kutitimila. Ganizilani munthu amene waika mgolo wa phala pa denga la nyumba, uku mkati akucotsa mitengo yocilikiza dengalo umodzi-umodzi.

Kuyambila mu 1968, maenje anayamba kuoneka pamwamba pa damu, ndipo matope ena anali kuwadzaza. Pansi m'mgodi, matope ocepa anatulukilako m'malo ena ngozi yaikulu isanacitike. Boma litakhazikitsa komishoni yofufuza, imene inapeleka lipoti lake lothela mu 1971, cithunzi cinaonekela bwino: maenje a pamwamba na matope a pansi cinali cinthu cimodzi, njila inali itatseguka kucokela pa damu kufika kumene anthu anali kugwila nchito. Zizindikilo zinalipo, koma sizinatengedwe monga cenjezo lakuti anthu acotsedwe na kuti matope aleke kuthilidwa pamenepo.

Komishoni inagwila nchito yake, koma inafika anthu 89 atafa kale. Akulu anati madzi akatayika saoleka. Kufufuza kwa pambuyo pa malilo kumathandiza amoyo, koma kufufuza kumene kumapulumutsa ni kwa munthu amene salandila malipilo ku kampani, amene ali na mphamvu yolowa pa mgodi, kuona dzenje pa damu, kupempha mapu a pansi, kuika ziwilizo pamodzi, na kulamula kuti nchito iime.

Zaka zotsatila zinaonetsa kuti dziko linamvako. Malamulo atsopano a m'migodi anatuluka mu 1971 na kukonzedwanso mu 1973, ndipo Mines Safety Department ya ku Kitwe ndiyo inali na udindo woona kuti akutsatilidwa. Mu 1973 University of Zambia inatsegula School of Mines kuti iphunzitse ana a dziko lino za miyala, za kukumba na za kusungunula. Caka cimeneco a Kaunda analengeza kuti mapangano opatsa makampani akale mphamvu yoyendetsa migodi athetsedwa. Kumbali ya kuyenga, ku Nchanga kunamangidwa Tailings Leach Plant ca m'ma 1974, imene inali kucotsa kopa wotsalila m'matope pogwilitsila nchito asidi, ndipo panthawiyo inali pakati pa mafakitale aakulu kwambili a mtundu umenewu pa dziko lonse. Mu 1982 makampani awili aja anaphatikizidwa kukhala ZCCM, imene inali na malabu na nkhokwe za zolemba za miyala ku Kalulushi. Kwa nthawi yoyamba, nzelu za pansi pa Kopala zinali m'manja mwa anthu a Zambia.

Koma kufufuza kumadya ndalama, ndipo phindu lake silioneka mwamsanga. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975 na kukhala pansi kwa zaka zambili, ndalama zofufuzila miyala yatsopano na zokonzela makina zinacepa. Dziko limene linali kutulutsa matani oposa 700,000 pa caka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 linatsika kufika pa matani pafupi-fupi 250,000 mu 2000. Mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, n'kusiya mtovu m'dothi umene ukali kupezeka m'magazi a ana a ku Chowa, Kasanda na Makululu. Pofika mu 2000 migodi ikulu-ikulu ya ZCCM inali itagulitsidwa. Eni atsopano anabwela na akatswili ao, ndipo boma linabwelela pa mpando wa woyang'anila cabe, koma lili na maso ofooka. Lipoti la Human Rights Watch la mu 2011 linakamba kuti Mines Safety Department inalibe anthu na ndalama zokwanila kuyendela migodi mmene kufunikila.

Ngozi sizinaleke. Mu April 2005, fakitale yopanga zophulitsila miyala ya BGRIMM ku Chambishi inaphulika na kupha anthu oposa 40, ambili a iwo acinyamata. Mu June 2018 mbali ya Black Mountain ku Kitwe inagumukila anyamata amene anali kutola miyala, ndipo 10 anafa. Kumapeto kwa November 2023, mvula yamphamvu inakokolola dothi na kutsekela anthu ambili m'maenje amene anali kukumba ku Seseli mu Chingola. Malo amenewa ni osiyana, koma funso ni limodzi: ndani anapima malowo anthu asanalowemo?

Ndiyeno pa 18 February 2025, matope anabwelanso. Damu ya kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi inagumuka, ndipo madzi a asidi analowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeledwa madzi a m'mipope kwa masiku. Kwa ise a mu Lusaka iyi si nkhani ya kutali, cifukwa mbali yaikulu ya madzi a m'mipope yathu imacokela mu Kafue mmenemo. Poyamba kunamveka kuti malita pafupi-fupi 50 miliyoni ndiwo anatayika. Pambuyo pake kampani ya Drizit, imene inalembedwa nchito yopima kuonongeka, inakamba kuti zotayika zinali zoculuka kwambili kuposa pamenepo, ndipo Sino-Metals inakana zimenezo. Mlimi wa m'mbali mwa Mwambashi amene afuna kudziwa ngati angabyalenso m'munda wake anatsala pakati pa manambala a makampani awili. Umu ndiye mmene zimakhalila ngati dziko lilibe malabu na akatswili ake okwanila amene angafike tsiku lomwelo, kutenga madzi na dothi, na kuuza anthu zoona zimene aliyense angakhulupilile.

Masiku ano boma likamba zofikitsa kopa pa matani 3 miliyoni pa caka pofika mu 2031. Mu 2024 linayambitsa nchito yopima dziko lonse na ndeke zonyamula makina oona za pansi pa nthaka, mogwilizana na kampani ya Xcalibur, ndipo caka cimeneco nyumba ya malamulo inavomeleza lamulo lokhazikitsa Minerals Regulation Commission. Kupima kwa ndeke ni nchito yabwino, cifukwa madela ambili a Zambia sanakhalepo na mapu atsatane-tsatane a miyala, ndipo nthawi ino manambala afunika kukhala a dziko. Mtengo wa manambala otelo tauona kale: kampani ya ku America ya KoBold Metals, imene mu 2024 inalengeza za kopa wambili ku Mingomba kufupi na Chililabombwe, imagwilitsila nchito makompyuta kupenda zolemba zakale za miyala pamodzi na zatsopano. Pepala limene linali kudyedwa na fumbi m'shelufu lingakhale ciyambi ca mgodi.

Koma mbili yathu itiuza kuti kufufuza kumene kuli kopa kumapeza ndalama mosavuta kuposa kufufuza kumene matope adzapita. Kopa akawilikiza katatu kapena kanayi, matope nawonso adzawilikiza, mwina kuposelapo, cifukwa migodi yatsopano ya ku North-Western ili na kopa wocepa pa tani iliyonse. Madamu adzakula, ndipo ena adzakhala kumtunda kwa midzi na mitsinje. Komanso migodi ya masiku ano si ya makampani akulu okha. Anyamata ambili a misinkhu yathu ali m'maenje a golide ku Rufunsa, ku Mumbwa, ku Vubwi na ku Mufumbwe, ena ali m'miyala yonyezimila ku Lundazi. Ambili amalowa m'maenje opanda mitengo yocilikiza, ndipo ena amagwila mekyuli na manja potsuka golide. Iwo alibe injiniya wa kampani. Ngati boma silifufuza njila zochipa zocilikizila dzenje na zotsukila golide popanda poizoni, n'kuwaphunzitsa m'cinenelo cimene amamva, palibe wina adzawacitila.

Conco imwe mukamva wandale akukamba za matani 3 miliyoni pa wailesi kapena pa Facebook, mufunseni mafunso osavuta. Kodi Mines Safety Department ili na oyendela migodi angati, ndipo ali na galimoto zingati? Kodi madamu a matope mu Zambia ni angati, ndani anawapima komaliza, ndipo lipoti lake munthu wamba angaliwelenge kuti? Kodi manambala a ndeke zija adzasungidwa kuti, ndipo mwana wa ku UNZA kapena ku Copperbelt University adzaloledwa kuwaona? Ndipo kwa amene mukali kusankha kosi, dziwani kuti nchito ya m'migodi si ya makampani okha. Dziko lifunikanso anthu odziwa miyala, madzi na madamu amene adzakhala kumbali ya boma, olipilidwa bwino cakuti envulopu singawatseke pakamwa, amene akaona dzenje pa damu adzalemba kalata yoimitsa nchito tsiku lomwelo.